Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa diramu ndi mwezi

Ngati mwakwera basi ya ku Matero kapena ku Lilanda m'mawa uno, dziwani kuti mukuchokera kufupi ndi malo amene kale anali likulu la anthu ofuna kupita kumwezi. Sindikuseka ayi. Ku chigwa cha Chunga, pa famu ina yosiyidwa, makilomita ngati 11 kuchoka pakati pa tauni, mphunzitsi wina wa sayansi dzina lake Edward Mukuka Nkoloso anasonkhanitsa achinyamata 12 n'kuyamba kuwakonzekeretsa ulendo wa mumlengalenga. Cholinga chake chinali chakuti Zambia ifike kumwezi America ndi Russia asanafike. Chinali chaka cha 1964, chaka chomwe tinalandira ufulu.

Achinyamata a mafoni ambiri anaonapo kale kavidiyo kake kakale kaja: bambo wovala chisoti cha usilikali ndi chinsalu chakumsana, anyamata akudumphadumpha, wina akulowetsedwa m'diramu n'kugubuduzidwa pa chitunda. Amaseka, amatumizirana, basi nkhani yathera pomwepo. Ine lero ndifuna tikambeko za munthu yense, chifukwa diramu ija yaphimba zambiri, ndipo zina mwa zimene yaphimba zikukhudza mwana wanu amene mwamusiya pa geti ya sukulu musanakwere basi iyi.

A Nkoloso anabadwa mu 1919 ku Northern Province, pakati pa Abemba. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka, anatengedwa kukhala msilikali wa Northern Rhodesia Regiment, ndipo anakwera mpaka pa usajeni m'gulu lotumiza mauthenga. Ganizirani bwino ntchito imeneyo. Pa nthawi imene anthu ambiri kumudzi anali asanaonepo wailesi, iwo anali kugwira mawaya, mabatire ndi makina olankhulira patali ndi manja awo. Munthu wotero akabwera kunyumba sabwera ndi mantha a makina. Amadziwa kuti chimene mzungu wapanga chili ndi masikuluu, chimamasuka, ndipo munthu wakuda akhoza kuchiphunzira.

Koma dziko limene anabwererako linalibe nazo ntchito zimenezo. Asilikali amene anakamenyera mfumu ya ku England anapeza kuti kwawo akali kugula nyama pa windo, chifukwa munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa pa khomo la butchala ya azungu. A Nkoloso anagwirako ntchito ya utanthauzi m'boma la atsamunda, kenaka anakhala mphunzitsi. Anatsegula sukulu yawoyawo, boma la atsamunda n'kuitseka. Apa ndi pamene analowa ndale ndi miyendo yonse iwiri. Inali nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953, ndipo anthu anali atakwiya. Anamangidwa mu 1956, anamangidwanso mu 1957 pa chipwirikiti cha ku Luwingu, kumene anali kulimbikitsa anthu kukana malamulo a atsamunda. Atatuluka anakhala mmodzi wa oyang'anira chitetezo m'chipani cha UNIP cha a Kenneth Kaunda.

Mfundo iyi muisunge: munthu amene tikumuseka lero anagona m'ndende kuti inu ndi ine tizilowa pa khomo la shopu iliyonse mu Cairo Road.

Manje tibwere ku za mwezi. Pa 4 October 1957, chaka chomwecho cha ku Luwingu, dziko la Soviet Union linaponya Sputnik, kachipangizo koyamba kozungulira dziko lapansi. Pa 12 April 1961 Yuri Gagarin anakhala munthu woyamba kupita mumlengalenga, ndipo mu June 1963 Valentina Tereshkova anakhala mkazi woyamba. Dziko lonse linali kukamba za mpikisano umenewu, koma palibe amene anali kuganiza kuti munthu wa mu Africa ali ndi mbali. A Nkoloso sanadikire kuitanidwa. Mu 1960 anakhazikitsa bungwe lawo la dzina lalitali ngati sitima ya katundu, Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy. Onani kuti anaikapo dzina la Zambia dziko likali kutchedwa Northern Rhodesia. Ophunzira awo anawapatsa dzina lakuti Afronauts, kusonyeza kuti ndi oyenda mumlengalenga a mu Africa.

Maphunziro ake anali otere. Wophunzira ankalowa m'diramu ya mafuta ya malita 200, anzake n'kuigubuduza kutsika chitunda, kuti azolowere chizungulire ndi kugwedezeka kwa chombo. Panali katungwe wa chingwe, woti munthu amve mmene thupi limapepukira. Ankaphunziranso kuyenda ndi manja, miyendo ili m'mwamba, chifukwa aphunzitsi awo ankati kumwezi n'kofunika kuyenda motero. Chombo chawo, chooneka ngati diramu yaikulu, chinatchedwa D-Kalu 1 polemekeza a Kaunda. Woyenera kukwera anali mtsikana wosakwana zaka 18, pamodzi ndi amphaka awiri. Tsiku loponya chombo analiika pa 24 October 1964, ku Independence Stadium, pa chikondwerero cha ufulu penipeni. Okonza mwambo anakana. A Nkoloso analembera bungwe la UNESCO kupempha mapaundi 7 miliyoni. Ndalama sizinabwere.

Atolankhani akunja anabwera ndi makamera awo, ndipo nkhani inamveka mpaka ku London ndi ku America. Ambiri analemba monyoza, ngati kuti apeza umboni wakuti anthu akuda apatsidwa ufulu asanakhwime. Koma pali chinthu chimodzi chimene a Nkoloso analemba chomwe chimandipangitsa kukayika ngati anali kusekedwa kapena ndi iwo amene anali kuseka. Anati anayang'ana dziko la Mars ndi makina oonera patali n'kupeza kuti kumakhala anthu osatukuka, ndipo adzatumizako m'mishonale, koma amuchenjeza kuti asakakamize anthu a kumeneko kulowa Chikhristu ngati sakufuna. Munthu amene anakula pansi pa atsamunda, amene anamva mawu akuti osatukuka akunenedwa kwa makolo ake, akakamba zotere mumati ndi misala? Ine ndimamva munthu akubweza mawu kwa eni ake, nkhope ili gwa, osamwetulira. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Uyu nkhondo anaionadi, ndipo anadziwa bwino amene anali kulankhula nawo.

Tisanamizane: chombo chija sichikanafika kulikonse. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000. Minibasi yothamanga makilomita 100 pa ola, yosaima pa sitesheni, yosadikira kudzaza, yosakumana ndi jamu ya pa Kabwe Roundabout, ingatenge masiku 160 kuti ifike. Kuti chinthu chithawiretu mphamvu yokoka ya dziko lapansi chiyenera kuthamanga makilomita 11 pa sekondi imodzi, ndiye kuti kuchoka mu Lusaka kufika ku Chipata miniti isanathe. Liwiro lotero silichokera m'chingwe kapena pa chitunda. Limafuna mafuta apadera, zitsulo zapadera ndi masamu a anthu zikwizikwi. A ku America anakwanitsa pa 20 July 1969, pamene Neil Armstrong anaponda pa mwezi, atawononga ndalama zoposa chuma chonse cha dziko lathu pa nthawiyo. Ife pa ufulu tinali ndi anthu pafupifupi 100 chabe a madigiri m'dziko lonse, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Apa a Nkoloso analonjeza chinthu chimene sakanatha kupereka, ndipo achinyamata amene anawakhulupirira anabalalika opanda kanthu m'manja. Mtsikana uja anatenga pakati n'kubwerera kwa makolo ake, anyamata anapita kukafuna zina, boma linati nkhaniyo si yake.

Koma funso langa ndi lina. Kodi njira yawo yophunzitsira inali yopusa? Tiyeni titenge katungwe uja. Nonse mukudziwa zimene zimachitika draiva akadutsa pa hampu mothamanga: kwa kanthawi kochepa thupi limachoka pa mpando, m'mimba mumachita ngati mwakwera kukhosi, amayi a kumbuyo n'kukuwa kuti mutipha. Kupepuka kumeneko ndi komweko kumene oyenda mumlengalenga amamva. Iwo sayandama chifukwa chakuti kulibe mphamvu yokoka, ayi. Amayandama chifukwa iwo ndi chombo chawo akugwa pamodzi mozungulira dziko, ndiye palibe mpando umene ukuwakankha kuchokera pansi. Pa katungwe, mukafika pamwamba penipeni musanayambe kutsika, mumalawako pang'ono zomwezo. Mpaka lero oyenda mumlengalenga amaphunzitsidwa m'ndeke imene imakwera kwambiri kenaka n'kudzigwetsa, ndipo amayandama masekondi ngati 25 ulendo uliwonse. Amawazunguzanso m'makina ozungulira kuti matupi awo azolowere kulemera ndi chizungulire. Ndiye pa katungwe ndi diramu, mphunzitsi wa ku Chunga anali pa msewu woyenera, kungoti galimoto yake inali ya mawaya. Pa za kuyenda ndi manja pokha anaphonya. Kumwezi munthu amapepuka kasanu ndi kamodzi, moti wa makilogalamu 60 amamva ngati ali ndi 10, koma amayendabe ndi miyendo, modumphadumpha.

Chimene a Nkoloso anadziwa, monga mphunzitsi, n'chakuti mwana amagwira msanga chinthu chimene thupi lake lamva kuposa chimene wakopera pa bolodi. Izi ndikuzidziwa chifukwa ine ndinakulira kwa Kambombo, m'boma la Chama, ku chigwa cha Luangwa kumene kumachokera mpunga wonunkhira uja mumagula ku Soweto. Sukulu yathu inalibe chipinda cha sayansi, inalibe magetsi. Koma thambo la kwathu silifanana ndi la mu Lusaka. Mwezi ukakhala kuti kulibe, Mlalang'amba umaoneka ngati ufa wotayika kuchoka mbali ina ya thambo kufika mbali ina, ndipo agogo ankadzuka kupita kumunda poona nthanda. Aphunzitsi athu ena anatiitana usiku wina m'kalasi, anayatsa nyali ya parafini pa tebulo, n'kupatsa mwana aliyense laimu lobayidwa pa kamtengo. Nyali ndiyo dzuwa, mutu wako ndilo dziko, laimu ndiwo mwezi. Ukatambasula dzanja n'kumazungulira pang'onopang'ono, umaona mbali yowala ya laimu ikukula kuchoka pa kachigamba kopyapyala mpaka lonse, kenaka ikuchepanso. Ukaliika pakati pa diso lako ndi nyali, nyali imabisika, ndipo wapanga kadamsana ndi dzanja lako. Phunziro limenelo linatenga mphindi 20, ndipo palibe wa m'kalasi mwathu amene anafunika kuloweza chifukwa chake mwezi umasintha maonekedwe pa masiku 29 ndi theka.

Manje yerekezani ndi ana athu a m'tauni. Mwana wa giredi 7 ku Chawama kapena ku Mtendere akhoza kukutchulirani mapulaneti onse 8 motsatana, kuyambira Mercury mpaka Neptune, osapuma. Mufunseni kuti akuonetseni imodzi kumwamba, adzayang'ana pa foni. Sadziwa kuti nthanda ija ya agogo ndiyo Venus ya m'buku lake. Mlandu si wa mwana. M'kalasi ya ana ambirimbiri, mphunzitsi ali ndi choko chabe ndi mayeso amene akubwera, ndipo ife makolo timafika kunyumba mdima utagwa, titatopa ndi mzere wa pa Kulima Tower. Koma zotsatira zake n'zakuti mwana amakula akuganiza kuti sayansi ndi mawu a Chingelezi oloweza, a anthu ena, a maiko ena. Maganizo amenewa ndi omwe a Nkoloso ankalimbana nawo ndi diramu yawo.

Zinthu zimene mungachite ndi mwana pa yadi sizifuna ngakhale chenji ya kondakitala. Tengani botolo la pulasitiki, liboolereni pambali chakumunsi, thirani madzi. Madzi azituluka pa kabowo. Manje litayeni kuchoka pamwamba: pamene likugwa, madzi amaleka kutuluka, chifukwa botolo ndi madzi zikugwa pamodzi. Kumeneko ndiko kuyandama kwa mumlengalenga, pa khomo panu. Tengani mpira wa bola kuti ukhale dziko, ndi laimu lalikulu kuti likhale mwezi, ndipo mufunse mwana kuti aliike patali bwanji. Ambiri amaliika pafupi, kutalika kwa mkono. Malo ake enieni ndi mamita 6 ndi theka, kutalika koposa minibasi yomwe mwakwerayi. Zikani kamtengo pa bwalo Loweruka, mwana aziika mwala pa nsonga ya chithunzithunzi ola lililonse. Pofika madzulo adzakhala atapanga wotchi ya dzuwa, ndipo adzaona yekha kuti dziko likuzungulira. Magetsi akathima mu komboni, m'malo mongodandaula, tulukani panja, chifukwa usiku umenewo thambo la kwa Kambombo labwera kudzakuchezerani.

Tibwerere kwa mwini nkhani. Sukulu ya mwezi itatha, a Nkoloso sanakhale pansi. Anaimapo pa chisankho cha umeya wa Lusaka, sanapambane. A Kaunda anawaika kuyang'anira Liberation Centre ku Kamwala, kumene kunali maofesi a zipani zomenyera ufulu wa maiko oyandikana nafe: ANC ya ku South Africa, ZAPU ya ku Zimbabwe, FRELIMO ya ku Mozambique, SWAPO ya ku Namibia ndi MPLA ya ku Angola. Ntchito imeneyo sinali yamasewera, chifukwa boma la Ian Smith ndi la tsankho la ku Pretoria anali ndi akazitape mu Lusaka muno. Pulezidenti sangapereke makiyi a nyumba yotero kwa munthu amene akumuyesa wozungulira mutu. Anapuma pa ntchito mu 1972.

Kenaka anachita chinthu chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa D-Kalu. Anabwerera ku sukulu. Mu 1983, ali ndi zaka 64, analandira digiri ya zamalamulo pa University of Zambia, akukhala m'kalasi ndi ana a msinkhu wa adzukulu awo. Dziko la Soviet Union linawapatsa mendulo yokumbukira zaka 40 chithereni nkhondo yachiwiri, anatsogolera bungwe la asilikali akale ku Ndola, ndipo anapatsidwa ulemu wa ukolonelo. Anamwalira pa 4 March 1989, ndipo boma linawaika m'manda mwaulemu waukulu.

Atapita, nkhani yawo inagona zaka zambiri, ndipo amene anaidzutsa poyamba anali akunja. Mu 2012 wojambula zithunzi wa ku Spain, Cristina de Middel, anatulutsa buku lotchedwa The Afronauts. Mu 2014 kunatuluka filimu yaifupi ya dzina lofananalo, yopangidwa ndi Frances Bodomo wa ku Ghana. Mwana wa kwathu Namwali Serpell anafufuza moyo wawo n'kulemba m'magazini ya The New Yorker mu 2017, ndipo anawaikanso m'buku lake la The Old Drift la mu 2019. Zimandiwawa pang'ono kuti wophunzira wa ku New York akhoza kudziwa zambiri za a Nkoloso kuposa wophunzira wa ku Matero, amene amadutsa ku Chunga tsiku ndi tsiku.

Thambo lenilenilo silinatiiwale. Mbiri ya Angoni imawerengedwa kuchokera pa kadamsana wa mu November 1835, tsiku limene Zwangendaba ndi anthu ake anawoloka Zambezi. Pa 21 June 2001 kadamsana wina wathunthu anadutsa pa Lusaka penipeni, kunada masana kwa mphindi zitatu, nkhuku zinalowa m'khola, ndipo alendo ochokera maiko akutali anadzaza mahotela kudzaona chimene ife tinaonera pa khomo. Amene anayang'ana pansi pa mitengo dzuwa lisanabisike anaona timiyezi ting'onoting'ono tambirimbiri pa dothi, chifukwa mpata uliwonse wa pakati pa masamba unali kujambula dzuwa lodyekalo. Mu 2019 bungwe la akatswiri a zakuthambo pa dziko lonse, International Astronomical Union, linapatsa maiko mwayi wotcha maina nyenyezi ndi pulaneti yake. Nyenyezi ya Zambia inatchedwa Natasha, ndipo pulaneti yoizungulira inatchedwa Madalitso. Zoona, kumwamba uko kuli dziko lokhala ndi dzina la Chinyanja, lolembedwa m'mabuku a akatswiri. Zambia ilinso pa mndandanda wa maiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya Square Kilometre Array, makina akuluakulu omvera mafunde ochokera ku nyenyezi. Ntchito zimenezo zidzafuna mainjiniya ndi odziwa masamu. Ngati sadzachokera ku Kanyama, ku Chipata ndi ku Chama, adzachokera kwina, ndipo ana athu adzakhala alonda a pa geti.

A Nkoloso anali ndi njala ya kumwamba koma analibe masamu ndi zipangizo. Ana athu ali ndi mabuku, makalabu a JETS m'masukulu ndi intaneti m'thumba, koma ambiri palibe amene anawatulutsapo panja n'kuwalozera kumwamba. M'mera mpoyamba. Ndiye madzulo ano mukatsika basi, mukagula tomato ndi kapenta pa kantemba, onjezaniko laimu limodzi. Mukafika kunyumba zimitsani babu, yatsani tochi ya pa foni, mumupatse mwana laimulo pa kamtengo, azungulire nalo. Akakufunsani kuti masewera amenewa mwawatenga kuti, muuzeni za sajeni wa ku Northern Province amene anali mphunzitsi, anagona m'ndende, anagubuduza anthu m'diramu ku Chunga, n'kudzatenga digiri ali ndi imvi.